Akuti Zambia yakwera, nanga Rufunsa ili pa nambala zingati?

Mu July 2023, madzulo ena, ndinali pa wailesi pa pulogalamu yathu ija imene anthu amaimba foni. Ndinawerenga nkhani yakuti World Bank yabwezera Zambia m'gulu la maiko a chuma chapakati, kuichotsa m'gulu la maiko osauka mmene inaponyedwa chaka chimodzi chabe m'mbuyomo. Ndinaiwerenga monyadira ngati ndikulengeza chigoli cha Chipolopolo. Foni yoyamba inachokera kwa agogo ena aamuna a kudera la mfumu Shikabeta. Atapereka moni mwaulemu anati, "Mwana wanga, tamva kuti talemera. Manje ndalamazo tikalandirire kuti, ku boma kapena kwa amfumu?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Ndinawayankha zosamveka n'kuika nyimbo mwamsanga. Usiku umenewo ndinachita manyazi, chifukwa ndinazindikira kuti ndalengeza nambala imene ine mwini sindinali kudziwa kuti inaphikidwa bwanji. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga za manambala amenewa, ndipo ndikufuna tikambirane, makamaka inu anzanga a mu Lusaka amene mumatumizirana mindandanda ya maiko pa Facebook ndi pa WhatsApp, n'kumakangana mpaka pakati pa usiku kuti pakati pa ife ndi Malawi ali bwinoko ndani. Maganizo anga ndi akuti manambala oyerekeza maiko ndi ofunika ndipo tisawataye, koma nambala iliyonse ili ndi anthu amene imawabisa. Ife a ku Rufunsa ndife ena mwa obisidwawo.

Tiyambe ndi nambala imene inasokoneza agogo aja. World Bank imatenga ndalama zonse zimene dziko lapeza pa chaka, za migodi, mabanki, mafamu, masitolo ndi zina zotero, imachotsapo phindu limene lapita kwa eni makampani akunja, imasintha zotsalazo kukhala madola, n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu onse, kuyambira khanda mpaka nkhalamba. Imeneyo ndiyo amaitcha GNI ya munthu mmodzi. Akatero amalemba mzere. Mu July 2023 mzerewo unali pa madola 1,135 pa chaka. Dziko limene silinadutse pamenepo ndi losauka, limene ladutsa ndi la chuma chapakati. Zambia inakwera pamwamba pa mzere mu 2011, inagwera pansi mu 2022, n'kukweranso mu 2023. Pakati pa zaka ziwiri zomalizirazo m'nkhokwe ya agogo aja simunalowe thumba lina la chimanga. Zimene zimasuntha nambalayi ndi mtengo wa mkuwa ku London, mphamvu ya kwacha pa dola, ndi mzere weniweniwo, umene World Bank imausintha chaka ndi chaka.

Mu 2014 panachitika chinthu chimene chimaonetsa bwino kuti manambalawa ndi ntchito ya manja a anthu. Ofesi yathu ya ziwerengero, imene nthawi imeneyo inali Central Statistical Office, inasintha chaka choyambira powerenga chuma, kuchoka pa 1994 kupita pa 2010. Tinangodzuka m'mawa chuma cha Zambia chitakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Chaka chomwecho Nigeria inachitanso chimodzimodzi, chuma chake n'kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri, mpaka kuposa South Africa. Palibe amene ananama. Kawerengedwe kakale kanali kusiya kunja zinthu monga mafoni ndi malonda ambiri amene kunalibe mu 1994. Koma palibenso amene anadya nyama usiku umenewo chifukwa cha kukulako.

Wina anganene kuti nanga bwanji osangozisiya, si nkhani za m'maofesi chabe? Ayi. Dzina limene dziko lapatsidwa limatsegula zitseko zina n'kutseka zina. Titatchedwa dziko la chuma chapakati mu 2011, chaka chotsatira boma linakakongola madola 750 miliyoni pa msika wa Eurobond, mu 2014 linatenganso 1 biliyoni, mu 2015 linaonjezera 1.25 biliyoni. Mu November 2020 tinalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kugwa pa ngongole m'nthawi ya Covid-19. Sindikunena kuti nambala ndiyo inakongola. Anakongola ndi anthu. Koma nambalayo inatipatsa jekete la munthu wolemera, ndipo obwereketsa amayang'ana jekete. Ngongoleyo tikuilipira tonse, kuphatikizapo agogo amene sanaone ngakhale ngwee imodzi.

Vuto loyeza dziko ndi ndalama zokha linadziwika kalekale. N'chifukwa chake mu 1990 katswiri wa zachuma wa ku Pakistan, Mahbub ul Haq, mothandizana ndi mnzake wa ku India, Amartya Sen, anabweretsa sikelo ina pansi pa bungwe la UNDP. Dzina lake ndi Human Development Index, mwachidule HDI. Iyi ndi nambala yosakaniza, ngati ndiwo zimene mwaikamo masamba, nsinjiro ndi tomato. Muli zinthu zitatu: zaka zimene mwana wobadwa lero akuyembekezeka kukhala ndi moyo, maphunziro, ndi ndalama za munthu mmodzi.

Kaphikidwe kake sikovuta monga mmene timaopera. Chinthu chilichonse amachiika pakati pa 0 ndi 1. Pa zaka za moyo, 20 ndiye pansi, 85 ndiye pamwamba, choncho dziko limene anthu ake amafika zaka 62 limapeza pafupifupi 0.65. Pa maphunziro amaona zinthu ziwiri: zaka zimene akuluakulu a zaka 25 kupita m'tsogolo anakhala pa sukulu, ndi zaka zimene mwana woyamba sukulu lero akuyembekezeka kuphunzira. Pa ndalama amayamba akonza madolawo kuti agwirizane ndi mitengo ya zinthu m'dziko lililonse, popeza dola imodzi imagula zambiri pa Soweto Market kuposa ku New York. Amawerenganso mwa njira yakuti ndalama yoonjezera kwa dziko losauka imalemera kuposa yoonjezera kwa dziko lolemera kale. Pomaliza amasakaniza zitatuzo, ndipo kuyambira 2010 amasakaniza mwa njira yakuti dziko lofooka kwambiri pa chimodzi silingabisale kumbuyo kwa zinazo.

Mu lipoti la UNDP limene linatuluka mu March 2024, Zambia inapeza 0.569 n'kukhala pa nambala 153 mwa maiko 193. Malawi inapeza 0.508, pa nambala 172. Pamwamba penipeni panali Switzerland. Apa ndi pamene anyamata a pa Facebook amayambira kuvina. Koma tsegulani mphikawo muone zimene zili m'kati. Ndalama za munthu mmodzi kuno ndi zowirikiza kawiri kuposa za ku Malawi, ndipo akuluakulu athu anakhala pa sukulu zaka zochulukirapo. Pa zaka za moyo tili pamodzimodzi, ndipo a Malawi ndiwo ali patsogolo pang'ono. Ndiye kuti mkuwa wonse wa ku Copperbelt ndi ku Solwezi sunatigulire ngakhale chaka chimodzi cha moyo choposa cha munthu wa ku Mchinji. Mndandanda umakuuzani kuti tapambana. M'kati mwake muli funso limene liyenera kutichotsa tulo.

Tizikumbukiranso kuti zimene zimalowa mu HDI anasankha ndi anthu. Anthu ndiwo anagwirizana kuti zinthu zikhale zitatu, ndi kuti zilemere mofanana. Sikeloyi siifunsa ngati muli pa ntchito. Siifunsa kuti malaiti amathima maola angati pa tsiku, kapena kuti dziko lili ndi ngongole yochuluka bwanji. Pa maphunziro imawerenga zaka zimene mwana wakhala pa benchi, osati zimene zalowa m'mutu. Kuyambira January 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka sekondale, ndipo chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000. Zimenezo ndi zabwino, ndipo ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera m'kalasi. HDI idzaziona n'kutikweza. Koma ngati mwana wa giredi 5 sangathe kuwerengera agogo ake kalata ya ku chipatala, HDI sidzadziwa kanthu.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa kwenikweni. Manambala onsewa ndi avareji, ndipo avareji ndi bulangete limene limafunda wodwala ndi wamoyo pamodzi. Tiyerekeze mudzi wa mabanja khumi. Mabanja asanu ndi anayi akolola matumba asanu asanu, banja limodzi lokhala ndi thirakitala lakolola matumba 500. Onse pamodzi ndi matumba 545. Mukagawa ndi khumi, banja lililonse "lili ndi" matumba 54 ndi theka. Wolemba lipoti adzati m'mudzimo muli chakudya chokwanira. Pofika November mabanja asanu ndi anayi aja adzakhala akuchita ganyu kwa mwini thirakitala.

Zambia ndi mudzi wotero. Pa sikelo ya Gini, imene imayeza kusiyana kwa olemera ndi osauka kuchoka pa 0 kufika pa 100, World Bank inatipatsa 57 mu 2015, pakati pa maiko osiyana kwambiri pa dziko lonse lapansi. Kafukufuku wa ZamStats wa 2022 woona kakhalidwe ka mabanja anapeza kuti anthu 60 pa 100 alionse ndi osauka, kukwera kuchoka pa 54.4 mu 2015. M'matauni ndi 31.9, kumidzi ndi 78.8. Onani bwino zaka zake. Manambala a 2022 ndiwo anatikweza kukhala dziko la chuma chapakati, ndipo manambala a 2022 omwewo akuti pafupifupi anthu anayi mwa asanu alionse akumudzi ndi osauka. Onse awiri ndi oona. Amangoyang'ana mbali zosiyana za nyumba imodzi.

Mwina mungati basi tiziona manambala a chigawo chilichonse m'malo mwa a dziko lonse. Apa ndi pamene Rufunsa imasowera kachiwiri. Ife tili m'chigawo cha Lusaka, chimene pa kafukufuku wa umphawi chimaoneka bwino kuposa zigawo zina zonse. Boma lathu linadulidwa ku Chongwe m'nthawi ya a Michael Sata. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira pang'ono 80,000 kuno, pamene chigawo chonse chili ndi anthu opitirira 3 miliyoni, ambiri mwa iwo m'mzinda wa Lusaka momwemo. Ndiye kuti pa anthu 100 alionse a m'chigawo chino, a ku Rufunsa sitikwana atatu. Akatenga avareji, mayi wa kwa Bunda Bunda amaikidwa m'mphika umodzi ndi bwana wa ku Kabulonga, ndipo kukoma kwa mayiyo sikumveka n'komwe. Munthu wa ku Geneva kapena ku Washington akaona mapu a Zambia opakidwa mitundu, chigawo cha Lusaka chimaoneka chobiriwira, maso ake n'kupita kwina. Rufunsa ikanakhala mbali ya chigawo chakumidzi bwenzi ikuwerengedwa pamodzi ndi ofanana nayo.

Inu amene mumadutsa pa Great East Road popita ku Chipata mumatidziwa pa windo la basi. Mumaona akasupe otentha a pa Chinyunyu, mapiri ndi makhotakhota a msewu, matumba a malasha atafoledwa m'mbali mwa tala, kenako nsomba zouma pa Luangwa Bridge. Kuchoka mu Lusaka kufika pa boma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150, maola ochepa chabe. Koma patukani pa tala mulowe m'kati. Kwa anthu ambiri kuno chipatala chachikulu ndi cha mishoni cha St. Luke's ku Mpanshya, ndipo kwa amene ali kutali, funso loyamba munthu akadwala usiku ndi lakuti tipeza kuti galimoto. Mtunda umenewo suoneka mu GNI, suonekanso mu HDI.

Malasha aja ndi chitsanzo china. Thumba likagulitsidwa mu Kalingalinga kapena mu Mtendere, ndalama zayenda, ndipo kwa owerenga chuma kuyenda kwa ndalama ndiko kukula. Mtengo umene unadulidwa kuno sachotsera pa nambala iliyonse. Mu 2024, chilala chitaumitsa minda mpaka a Hakainde Hichilema kulengeza pa 29 February kuti dziko lili pa ngozi, madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuthima pafupifupi tsiku lonse. Mbaula zinayaka ngakhale kumayadi. Nkhalango za kuno zinaphikira mzinda nsima. Ife tinatsala ndi zitsa, ndipo palibe lipoti loyerekeza maiko limene linalemba kuti chuma cha Rufunsa chachepa.

Pali sikelo imodzi imene ndimaiona kuti imayandikira pakhomo pathu. Mu 2010 UNDP pamodzi ndi akatswiri a ku Oxford, motsogozedwa ndi Sabina Alkire, anayambitsa Multidimensional Poverty Index, mwachidule MPI. Iyi siiyambira pa ndalama za dziko. Imagogoda pakhomo n'kufunsa mafunso khumi. Kodi alipo wonyentchera chifukwa cha kuchepa kwa chakudya? Kodi pamwalira mwana m'zaka zisanu zapitazi? Kodi alipo amene anamaliza zaka zisanu ndi chimodzi za sukulu? Kodi ana onse a msinkhu wa sukulu akupita? Mumaphikira chiyani? Chimbudzi chanu n'chotani? Madzi abwino mumatunga pa mtunda wosapitirira mphindi 30 kupita ndi kubwera? Magetsi alipo? Nyumba inamangidwa ndi chiyani, pansi, makoma ndi denga? Muli ndi katundu monga wailesi, foni kapena njinga? Mafunso a zaumoyo ndi a maphunziro amalemera kwambiri, ena asanu ndi limodziwo amalemera pang'ono. Banja likaperewera pa gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera konseko, limawerengedwa kuti ndi losauka. Pa kafukufuku wa 2018, anthu pafupifupi 48 pa 100 alionse m'Zambia anapezeka otero.

Ubwino wa MPI ndi wakuti mutha kuiphwanya. Ikanena kuti dera ndi losauka, imanenanso kuti chifukwa cha madzi, kapena sukulu, kapena chakudya. Khansala akhoza kuigwiritsa ntchito. Ndinayesa kufunsa mafunso khumiwa pa nyumba ya amayi anga aang'ono. Amaphikira nkhuni, magetsi alibe, pansi ndi pozira, madzi amatunga kutali. Ana onse ali pa sukulu, ndipo palibe wamwalira. Mwa kawerengedwe ka MPI iwo sali m'gulu la osauka, ali pamphepete chabe. Mwana mmodzi akangosiya sukulu, agweramo. Nditawafotokozera anaseka n'kunena kuti, "Mwanawe, ameneyo wayesako, koma sanafunse za feteleza." Ananena zoona. Ngakhale sikelo yabwinoyi inalembedwa kuti ikwane maiko oposa 100 nthawi imodzi, ndiye siingadziwe kuti kuno moyo wa chaka chonse umapachikika pa tsiku limene feteleza wafika.

Pofika apa ena adzati ndiye kuti manambala onse ndi bodza, tiyeni tizingokhulupirira maso athu. Ndimakana. Maso a munthu amaona pamene iye waima chabe, ndipo ngati palibe manambala, wandale aliyense adzanena zimene akufuna, wolamula n'kumati zonse zili bwino, wotsutsa n'kumati zonse zaonongeka, popanda wowagwira pakamwa. Manambala ndiwo amatikumbutsa zimene ife achinyamata sitinaone. Cha m'ma 1990 Edzi inagwetsa zaka za moyo m'Zambia kufika pansi pa 50. Lero tili pamwamba pa 60, makamaka chifukwa cha ma ARV aulere, katemera ndi maneti a udzudzu. Mu 1996, pa ana 1,000 obadwa amoyo, 197 anali kumwalira asanafike zaka zisanu. Mu 2018 anali 61. Amayi athu amene anaika ana m'manda m'zaka zimenezo safuna lipoti kuti adziwe, koma iwe wobadwa mu 2003 ungamanene kuti palibe chasintha chilandirire ufulu. Nambala imakutsutsa, ndipo ili ndi chifukwa.

Tilinso ndi sikelo yathuyathu imene ndimailemekeza. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection limayenda m'misika mwezi ndi mwezi kuwerenga mtengo wa unga, kapenta, ndiwo zamasamba, sopo, malasha, lendi ndi zina zofunika pa banja la anthu asanu. Mu 2024 dengu limenelo mu Lusaka linadutsa K10,000 pa mwezi. Nambala imeneyo aliyense amaimva, chifukwa akhoza kuiika pambali pa malipiro ake n'kuona yekha. Siiyerekeza Zambia ndi Switzerland. Imayerekeza thumba lako ndi mphika wako. Tikufuna masikelo ambiri otero, ndipo ena afike kuno kumidzi.

Ndiye pempho langa kwa inu ndi ili. Mukaona mndandanda wina uliwonse wakuti Zambia ili pa nambala yakutiyakuti, kaya ndi wa chuma, wa chimwemwe kapena wa katangale, musafulumire kutumiza. Funsani kaye kuti m'kati mwake aikamo chiyani ndipo asiya chiyani. Funsani kuti manambalawo ndi a chaka chiti, popeza lipoti la chaka chino kawirikawiri limanyamula ziwerengero za zaka ziwiri kapena zisanu zapitazo. Funsani kuti avareji imeneyi yafunda ndani. Kukwera kapena kutsika ndi malo awiri pa mndandanda nthawi zambiri sikutanthauza kanthu, chifukwa dziko lina likangokonza ziwerengero zake, ife timasuntha tili chikhalire.

Koma kufunsa pa foni kokha sikukwanira. Ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwensi iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Ndalama zimenezo zimagawidwa kuno, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawodi. Zikagawidwa popanda manambala a wodi iliyonse, zimapita kwa amene ali ndi mawu okweza kapena amene ali pafupi ndi msewu. Kalembera wa 2022 analowa nyumba ndi nyumba, anafunsa za madzi, zimbudzi, magetsi, zophikira ndi sukulu. Mayankho a Rufunsa alipo. Tikufuna kuti asindikizidwe wodi ndi wodi, m'chinenero chimene anthu amamva, apachikidwe pa khonsolo ndi pa sukulu, awerengedwenso pa wailesi. Mu December 2023 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linasainidwa. Lamulo limene palibe akuligwiritsa ntchito limafanana ndi khasu lopachikidwa padenga.

Apa ndi pamene inu a mu tauni mungathandize, inu amene munaphunzira masamu ndi makompyuta ndipo mukuyendayenda ndi mapepala kufuna ntchito. Ambiri mwa inu muli ndi kumudzi, kaya ndi ku Rufunsa, ku Luangwa, ku Nyimba kapena ku Petauke. Mukapita pa holide, tengani mafunso khumi aja, onjezerani anu atatu a feteleza, mtunda wa ku kiliniki ndi netiweki, mufunse amfumu chilolezo, muyende m'mudzi mwanu ndi kope. Si kafukufuku wa boma, ndipo sadzalowa mu lipoti la UNDP. Koma mukakaima pa msonkhano wa wodi n'kunena kuti pa mabanja amene tawafunsa ochuluka chotere amayenda kupitirira theka la ola kukatunga madzi, mawu anu adzalemera kuposa a munthu amene akungoti tikuvutika. Mwana wosalira amafera mu nguwo, koma kulira kokhala ndi nambala n'kovuta kukunyalanyaza.

Agogo aja anaimbanso patapita miyezi ingapo, pa nkhani ina ya mbewu. Ndinawakumbutsa funso lawo n'kuwapepesa kuti tsiku lija ndinathawira ku nyimbo. Ndinawauza kuti ndalama zija kulibe kokalandirira, kuti anangotenga chuma cha dziko lonse n'kugawa pa pepala. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Chabwino, mwana wanga. Ukawauze kuti tsiku lina pogawa pa pepalapo abwere aone ndi kuno." Uthengawo ndaupereka.